Siwichi Yochenjeza za Mabuleki Ikamadontha Mafuta pa Pikapu Yakale: Mmene Mungapezere Gwero la Vutoli ndi Kulikonza

Mwezi wa Epulo ukamayandikira, mapikapu akale amene anagona dzinja lonse pansi pa mitengo ya mango kuno ku Kasungu amadzutsidwa, chifukwa mabelo a fodya ayenera kukafika ku Chinkhoma, ndipo soya ndi mtedza zimafunika kutuluka m'midzi ya kwa Chulu, ku Chamama ndi ku Santhe. Pa nyengo imeneyi ndi pamene ndimalandira magalimoto ambiri a vuto lofanana. Mwini galimoto watsegula boneti m'mamawa, wapeza mafuta a mabuleki atatsika m'kabotolo, ndipo potsatira mapaipi waona kadontho kakulendewera pa kasiwichi kapulasitiki kamene kali ndi waya. Pafupifupi onse amafika atagamula kale mlandu, n'kunena kuti, "Achimwene, siwichi yatha, tangondipezerani ina." Pa mtundu umodzi wa siwichi, umene ndi wofala pa magalimoto akale, chigamulo chimenechi n'cholakwika. Siwichiyo ndi mboni chabe, ndipo wolakwa wabisala m'kati mwa chitsulo chimene siwichiyo yamangidwapo. Munthu amene sanamvetse zimenezi amagula siwichi ziwiri kapena zitatu, kudontha osatha, kenako amatopa n'kutsekapo ndi bawuti, chomwe ndi chinthu choopsa kuposa kudontha kumene.

Musanagwire sipanala, dziwani kuti mafuta a mabuleki satha ngati oyilo wa injini. Amatsika pang'ono m'kabotolo pamene mapadi a kutsogolo akudyeka, koma kutsika kumeneko kumatenga miyezi. Ngati mukuwonjezera sabata iliyonse, mafutawo akutuluka penapake, ndipo galimoto imeneyo isanyamule katundu kapena anthu mpaka mutapeza pamene akutulukira. Dalaivala akaponda buleki mwamphamvu, mphamvu yokankha m'mapaipi imatha kupitirira ma bar 70 (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha), kotero malo amene akungonyowa galimoto ili chiimire akhoza kuphulika tsiku limene mwaponda mwadzidzidzi chifukwa mwana kapena ng'ombe yalowa mumsewu.

Vuto loyamba ndi lakuti zinthu zosiyanasiyana timazitcha dzina limodzi, siwichi ya mabuleki. Pali ija ya pansi pa dashibodi, imene imakhudzana ndi pedulo n'kuyatsa nyali zofiira za kumbuyo. Imeneyo ilibe mafuta m'kati, ndipo ikanyowa ndiye kuti mafuta akuchokera kumbuyo kwa master cylinder, pampu imene pedulo imakankha kuti mafuta apite ku mateyala, n'kutsika ndi kandodo kokankha pisitoni. Pali ina imene imagwiranso ntchito yoyatsa nyali za kumbuyo koma yamangidwa pa master cylinder kapena pamphambano ya mapaipi, monga zinalili pa ma Volkswagen akale ndi ma Land Rover oyambirira. Iyi mafuta amalowadi m'kati mwake n'kukankha kachikopa kopyapyala, kawirikawiri ili ndi mawaya awiri, ndipo kachikopako kakang'ambika mafuta amatulukira m'mbali mwa timiyendo tolumikizira mawaya. Mtundu umenewu ndiwo umene mwini galimoto amakhala akunena zoona akati siwichi yatha: mumaimasula, kumanga yatsopano ya mazinga ofanana, kutulutsa mpweya m'mapaipi, ntchito yatha. Palinso kachoyandama ka m'kabotolo ka mafuta, kamene kamayatsa nyali ya pa dashibodi mafuta akatsika, ndipo ndi kamene mungakapeze pa ma Toyota Hilux ambiri amene akuyenda m'misewu yathu. Pamenepo kudontha kumachokera pa timalabala tokhazikapo kabotolo, pa chivindikiro, kapena pa kabotolo kamene kang'aluka chifukwa cha ukalamba ndi kutentha.

Mtundu umene ndikufuna kukhalitsapo ndi umene m'mabuku a magalimoto umatchedwa pressure differential switch. Kuti muumvetse, kumbukirani kuti magalimoto akalekale anali ndi mzere umodzi wokha wa mafuta wopita ku mateyala onse anayi, moti paipi imodzi ikabooka galimoto inkatsala yopanda mabuleki m'pang'ono pomwe. Pambuyo pake opanga magalimoto anagawa mizereyo pawiri, kawirikawiri wina wa kutsogolo wina wa kumbuyo, ndipo ku America lamulo linayamba kukakamiza zimenezi pa magalimoto atsopano onyamula anthu mu 1968, pamodzi ndi nyali yochenjeza dalaivala mzere umodzi ukafa. Pofuna kuti nyaliyo idziwe kuti mzere wafa, anaika kachitsulo kamkuwa kapena kachitsulo wamba kamene mapaipi a mizere yonse iwiri amadutsamo. Mudzakapeza pansi pa master cylinder kapena pa chasisi, kali ndi mapaipi anayi kapena asanu ndi siwichi ya waya mmodzi kapena awiri pakati. Ma Land Rover a Series III, amene anapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ali nako ngati ndi a mizere iwiri, ndipo m'mabuku awo kamatchedwa PDWA. Pa mapikapu akale a Ford ndi Chevrolet kachitsulo kameneka nthawi zambiri kanaphatikizidwa ndi mavalavu ena n'kutchedwa combination valve.

M'kati mwa kachitsuloko muli kabowo kotalika, ndipo m'kabowomo muli kapisitoni kakang'ono, kosaposa chala chaching'ono cha mwana, kowonda pakati ngati chiuno cha mavu. Mafuta a mzere wa kutsogolo amakankha kumapeto kwina, a mzere wa kumbuyo amakankha kwinako, ndipo malinga ngati mphamvu zili zofanana kapisitoniko sikasuntha. Nsonga ya siwichi imalowa kuchokera pamwamba n'kukhala pachiuno chija osakankhidwa. Mzere umodzi ukabooka, mphamvu ya mbali imeneyo imagwa, kapisitoni kamathawira kumeneko, phewa lake limakankha nsonga ya siwichi, magetsi amadutsa n'kupita ku thupi la galimoto, nyali yofiira n'kuyaka. Chofunika kwambiri ndi ichi: mbali zonse ziwiri za chiuno chija kuli timphete talabala, ma O-ring, timene timatchinga mafuta kuti asafike pakati. Malo amene nsonga ya siwichi imakhala anapangidwa kuti azikhala ouma moyo wonse wa galimoto. Siwichi yeniyeniyo sinapangidwe kuti itchinge mafuta amphamvu, n'chifukwa chake yambiri ndi yapulasitiki. Mukaona mafuta akutuluka m'mazinga ake kapena pakamwendo kolumikizira waya, ndiye kuti kamphete kamodzi kapena tonse tiwiri tafa, ndipo siwichi yatsopano nayonso idzadontha pakangopita masiku ochepa.

Komabe musafulumire kumasula kachitsuloko musanatsimikize, chifukwa mafuta amayenda, ndipo pamene akudonthera si pamene atulukira nthawi zonse. Kachitsuloka kamakhala pansi pa master cylinder ndi kabotolo, kotero chilichonse chodontha pamwamba chimatsika ndi mapaipi n'kudzasonkhana pa siwichi. Imikani galimoto pamalo osalala, muike miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa mateyala, ndipo mutsuke malo onsewo kuyambira pa kabotolo mpaka pa chasisi. Mafuta a mabuleki amasungunuka m'madzi, choncho madzi a sopo ndi mswachi wakale zikukwanira, bola chivindikiro cha kabotolo chikhale chotseka bwino kuti madzi asalowe. Pukutani, ndipo mudikire kuti paume kwenikweni padzuwa. Kenako wazani ufa woyera kapena choko chopera pa kachitsuloko, pa manati onse a mapaipi, pansi pa kabotolo ndi pamene master cylinder yakumana ndi booster, chipangizo chothandiza phazi kukankha buleki. Mnzanu akhale m'galimoto, alize injini kuti booster igwire ntchito, aponde buleki mwamphamvu ndi kuigwira choncho kwa mphindi imodzi, inu mukuyang'ana ndi tochi. Ufa umada msanga pamene mafuta ayambira, ndipo kadontho koyambako ndiko kakuuzeni zoona. Mumufunsenso mnzanuyo ngati pedulo ikumira pang'onopang'ono pansi pa phazi lake. Ikamamira koma ufa uli wouma paliponse, kayang'aneni m'kati mwa mateyala, chifukwa ma wheel cylinder a kumbuyo, timasilinda tokankha mabuleki m'mateyala, amadonthera m'madiramu mosaonekera, ndipo ngati kumenekonso kuli kouma, ndiye kuti malabala a m'kati mwa master cylinder akulola mafuta kubwerera.

Ufa ukada pa nati ya paipi, vuto ndi laling'ono. Manati amenewa satseka mafuta ndi mazinga ayi, amatseka ndi mlomo wa paipi umene unafutukulidwa kuti ukhale ndendende pampando wake. Yesani kumanga pang'ono chabe, ndipo ngati sizikusiya, masulani muone ngati mlomowo wang'aluka. Wong'aluka amadula n'kufutukula wina ndi chipangizo chake, kapena kusintha paipi yonse. Thiledi tepi pa manati amenewa sathandiza chilichonse, ndipo tizidutswa take tikalowa m'mapaipi timakatseka timabowo ta m'mavalavu. Ufa ukada pa chitsekerero chachikulu cha kumapeto kwa kachitsulo, kawosha kamkuwa kapena kamphete ka pamenepo ndiko katha.

Koma ufa ukada pa siwichi, chitani chiyeso chimodzi chimene chimathetsa mkangano. Zimitsani injini, chotsani waya, ndipo mumasule siwichiyo pang'onopang'ono mutaika kansanza pansi pake. Ngati ndi ya mtundu uwu wa kapisitoni, simuyenera kuona mafuta akutuluka ngakhale pang'ono. Yang'anani m'kabowo ndi tochi. Pa valavu yabwino, ndiko kuti kachitsulo kaja, mumaona chiuno cha kapisitoni chouma, mwina chakuda ndi fumbi basi. Pa yowonongeka mumaona kadziwe ka mafuta, ndipo nsonga ya siwichi imatuluka yonyowa. Pukutani kabowoko ndi kansalu koyera kokulungidwa pa kamtengo ka machesi, tetezani maso anu ndi magalasi, ndipo mnzanu aponde buleki mofatsa. Mukaona mafuta akubwera kuchokera pansi ngati madzi a pachitsime cha m'dambo, timphete tafa, ndipo palibe chifukwa chopitira kukagula siwichi.

Ndinalandirapo Land Rover ya pafamu ina ya kuno, imene inali itatsekedwa pamalo a siwichi ndi bawuti yokulungidwa thiledi tepi, pamwamba atamatapo silikoni. Mwini wake, bambo wachikulire wosamala bwino zinthu zake, anandiuza kuti, "Mwana wanga, chitsekereni pamenepo sipanadonthenso, vuto langa ndi pedulo yofewa basi." Sankanama, panali pouma ndithu. Titatsegula kachitsuloko tinapeza timphete tonse tiwiri titauma ngati chikopa cha pang'oma yakale, kamodzi kataduka pakati. Kutanthauza kuti mafuta a kutsogolo ndi a kumbuyo ankakumana pachiuno pa kapisitoni, ndipo galimoto imene inapangidwa ndi mizere iwiri inali itasanduka ya mzere umodzi, popandanso nyali yochenjeza. Paipi yalabala ya teyala limodzi ikanaphulika, mafuta a mbali zonse akanathera pomwepo. Galimoto imeneyo inkatsika ndi katundu msewu wa M18 wopita ku Nkhotakota, umene umatsetsereka kudutsa m'nkhalango yosungira nyama, ndipo ndikaganiza za malo otsetsereka amenewo thupi limachita tsembwe mpaka lero. Amene anatseka uja sanali ndi mtima woipa, anangochotsa chimene maso ankaona.

Kukonza kwenikweni kumayamba ndi kupeza timphete toyenera, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amagwera. Mafuta a mabuleki a mitundu ya DOT 3 ndi DOT 4 amafuna labala wa mtundu wa EPDM. Timphete takuda timene timagulitsidwa m'mabokosi osakaniza m'mashopu a masipeya nthawi zambiri ndi ta labala wa nitrile, wopangidwira oyilo ndi dizilo, ndipo mafuta a mabuleki amatiwononga ngakhale kukula kwake kutafanana ndendende. Ndi maso simungasiyanitse mitundu iwiriyi. Funani paketi yokonzera valavu ya galimoto yanu, kapena timphete tolembedwa EPDM papaketi yake, ndipo ngati pa boma pano palibe, ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130, ndi wotchipa poyerekeza ndi kumasula ntchito yomweyo kawiri. Ena amaviika kamphete m'mafuta a mabuleki kwa masiku angapo kuti aone ngati kafufuma kapena kufewa. Chiyeso chimenecho chikhoza kukuonetsani kamphete koipa, koma sichikutsimikizirani kuti kamene sikanafufume n'kabwino, chifukwa pansi pa boneti pamatentha kuposa m'kabotolo ka pawindo. Valavu yochotsedwa pa galimoto yakufa nayonso musaikhulupirire isanatsegulidwe, popeza timphete take n'tamsinkhu womwewo ndi tanu.

Pochotsa valavu, yambani mwajambula ndi foni mmene mapaipi akhalira, ndipo mumange kachingwe kapena tepi ya mtundu wosiyana pa paipi iliyonse, chifukwa kusinthanitsa paipi yolowa ndi yotuluka n'kosavuta. Tsegulani kabotolo, yalani kapepala kapulasitiki koyera pakamwa pake n'kutsekanso, kuti mafuta asatsike onse mukamasula. Manati a mapaipi akale amakhala atagwirana ndi dzimbiri, choncho athireni mankhwala omasula dzimbiri usiku wake, kunja kokha, ndipo muwapukute musanamasule kuti mankhwalawo asalowe m'kati. Gwiritsani ntchito sipanala ya mapaipi, ija yooneka ngati ling'i yodulidwa kampata, imene imagwira mbali zambiri za nati. Sipanala wamba imazunguliza makona a nati, ndipo mukafika pogwira ndi pulayala ndiye kuti paipi imeneyo mwaitaya. Magalimoto a ku Japan kawirikawiri amafuna ya 10 mm, pamene akale a ku Britain ndi ku America ali ndi manati a mainchesi, ndipo nati ya mamilimita imatha kulowa pang'ono m'mazinga a mainchesi n'kukunamizani kuti yagwira. Masulani manati valavu ikadali yomangidwa pa chasisi, ndipo muziyang'anitsitsa kuti nati ikuzungulira yokha, paipi osapotoka nayo. Paipi iliyonse yomasulidwa itsekeni kukamwa ndi kapulasitiki koyera, chifukwa fumbi la kuno silichedwa kulowa. Mafuta akagwera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo popeza amasupula penti, ndipo botolo lake likhale kutali ndi ana ndi ziweto chifukwa ndi poizoni.

Valavuyo itengereni patebulo loyera, poyala nsalu kapena pepala. Masulani chitsekerero cha kumapeto, ndipo mukankhe kapisitoni ndi kamtengo kapena kapulasitiki, osati msomali kapena sikuludiraiva, chifukwa kakanda kamodzi m'kati mwa kabowo n'kokwanira kudula kamphete katsopano. Mavalavu ena ali ndi masipuling'i ndi timachubu tating'ono, kapena kapisitoni ka zidutswa ziwiri, choncho yalani zonse motsatana mmene zatulukira ndipo mujambulenso. Potsuka gwiritsani ntchito sipiliti, mankhwala otsukira mabuleki, kapena mafuta a mabuleki atsopano. Petulo, palafini ndi dizilo, zimene timazolowera kutsukira zitsulo za injini, zisayandikire, chifukwa kadontho kotsalira kamafufumitsa labala wa EPDM, ndipo kakayenda m'mapaipi kadzawononganso malabala a master cylinder ndi a m'mateyala.

Mukatsuka, lozani kabowoko kudzuwa n'kusuzumiramo. Apa ndi pamene mudziwe ngati valavu ikonzeka. Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo galimoto imene yatha zaka zambiri mafuta ake osasinthidwa imakhala ndi madzi m'mapaipi, amene amadya chitsulo pamalo pamene kapisitoni kakhala osasuntha. Mukaona kuda chabe kapena kubiriwira kwa mkuwa, pukutani mofatsa ndi kansalu konyowetsedwa ndi mafuta a mabuleki mpaka muwale. Mukaona timaenje ngati nkhope ya mwala wa mphero, makamaka pamene timphete timakhala, valavu imeneyo yatha, ndipo kuipala ndi sandipepala kungokulitsa kabowo n'kuchititsa kuti timphete tisagwire. Chimodzimodzi kapisitoni: ngati ngalande zokhalamo timphete zadyeka, musakabwezeremo.

Ngati zonse zili bwino, nyowetsani timphete tatsopano ndi mafuta a mabuleki ochokera m'botolo longotsegula kumene, tivekeni ndi zala popanda kutipotoza, ndipo mulowetse kapisitoni mofatsa mpaka chiuno chake chionekere pakati penipeni pa kabowo ka siwichi. Girisi wamba musaikemo. Ikani kawosha katsopano pa chitsekerero. Pobwezera mapaipi, nati iliyonse iyambe kulowa ndi zala mizungulo ingapo musanagwire sipanala, ndipo zimaphweka mukasiya valavu yolendewera pang'ono mpaka manati onse atagwira, kenako n'kuimanga pa chasisi. Siwichi yakale mukhoza kuibwezera ngati nsonga yake ikulowa ndi kutuluka bwino, koma ngati inamwa mafuta kwa nthawi yaitali ndi bwino kuisintha tsopano, pamene gwero la kudontha latsekedwa. Yapulasitiki imangofunika kumangidwa pang'ono kupitirira pamene zala zalekera.

Nanga valavu ikakhala yodyeka ndipo ina sikupezeka? Opanga magalimoto ambiri pambuyo pake anasiya kudalira kapisitoni kameneka n'kuyamba kugwiritsa ntchito kachoyandama ka m'kabotolo, kotero makaniko wodziwa akhoza kulumikiza mzere uliwonse pawokha ndi zolumikizira za mabuleki zenizeni, n'kuika chivindikiro chokhala ndi choyandama kuti nyali ipitirize kuchenjeza. Izi n'zotheka pokhapokha ngati kachitsuloko ntchito yake ndi yochenjeza basi. Ngati ndi combination valve, m'kati mwake muli gawo lochepetsa mphamvu yopita ku mateyala a kumbuyo, ndipo mukalichotsa, pikapu yopanda katundu idzamanga mateyala a kumbuyo msanga n'kutembenuka pamsewu wonyowa kapena wamiyala. Mulimonsemo, mizere iwiriyo isalumikizidwe pamodzi, ndipo waya wa nyali usadulidwe pofuna kuti nyali izime. Galimoto ikamapita kukayesedwa kuti ipeze COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ku ofesi ya Road Traffic, mabuleki ndi chimodzi mwa zinthu zoyesedwa, ndipo ndi bwino kukafika kumeneko zonse zikugwira ntchito mmene anapangira.

Tsopano pakhala kutulutsa mpweya, kumene amakaniko timati kubulida. Mutu umodzi susenza denga, pafunika anthu awiri, wina pa pedulo wina pa teyala. Popeza mizere yonse yatsegulidwa, uwu ndi mwayi wosinthiratu mafuta onse, zimene zimayenera kuchitika zaka ziwiri zilizonse. Mafuta a DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230 a Celsius, koma akamwa chinyezi malire ake amatsika kufika cha pa 155, ndipo a DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140. Mafuta akawira potsika phiri, pedulo imangogwera pansi. Gulani lita imodzi yosatsegula ya mtundu wolembedwa pa chivindikiro cha kabotolo, ndipo musasakanize ndi DOT 5, amene ndi a silikoni. Chotsani kapulasitiki kaja pa kabotolo, dzazani mafuta, ndipo muyambe ndi teyala limene paipi yake ndi yotalika kwambiri kuchokera pa master cylinder, limene pa magalimoto athu a chiwongolero cha kumanja kawirikawiri ndi la kumbuyo kumanzere. Vekani kapaipi koonekera m'kati pa nipo, kabawuti kotulutsira mpweya ka pa teyala, kumapeto kwake kumire m'kabotolo kena kokhala ndi mafuta pang'ono. Wa pa pedulo aponde pang'onopang'ono n'kunena kuti wagwira, inu mutsegule nipo, mafuta atuluke, mutseke, ndipo pokhapo mumuuze kuti asiye. Bwerezani mpaka thovu litatha ndipo mafuta akutuluka oyera, uku mukuwonjezera m'kabotolo ka master cylinder kuti kasaume. Pa master cylinder yakale ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa malabala ake akafika kumalo amene sanazolowere kufika amakumana ndi dzimbiri n'kung'ambika. Pa mapikapu okhala ndi valavu yoyeza katundu kumbuyo, monga Hilux, valavuyo ili ndi nipo yakeyake imene imabulidwa pomaliza.

Pobulida, mzere umene mwatsegula umakhala wopanda mphamvu, choncho kapisitoni kaja kamaona ngati paipi yabooka n'kuthawira kumeneko, nyali n'kuyaka. Zimenezi zisakudetseni nkhawa. Amene ali ndi kabawuti kapadera kogwira kapisitoni pakati amakamanga m'malo mwa siwichi nthawi yobulida, ndipo amakachotsa akamaliza, osayenda nako pamsewu. Mavalavu ena amabwerera okha pakati mukaponda buleki mwamphamvu nipo zonse zitatsekedwa. Ena safuna kubwerera okha, ndipo pamenepo mumayatsa kiyi, kutsitsa handibuleki, n'kutsegula pang'ono nipo ya mzere winawo, osati umene mwamalizira kubulida. Mnzanu aponde mofatsa kwambiri maso ali pa dashibodi, ndipo nyali ikangozima akuwe, inu mutseke nipo nthawi yomweyo. Akaponda mopitirira, kapisitoni kadutsa pakati n'kupita mbali inayo, nyali iphethira n'kuyakanso, ndipo muyenera kubwereza kuchokera ku mzere umene munamalizira kubulida uja.

Nyali ikakana kuzima, kumbukirani kuti pa magalimoto ambiri babu lomwelo limayatsidwanso ndi siwichi ya handibuleki ndi kachoyandama ka m'kabotolo, ndipo pa mapikapu ena a dizilo palinso siwichi yoyang'anira vakyumu ya booster. Chotsani waya pa siwichi ya valavu. Nyali ikazima, ndiye kuti kapisitoni sikali pakati kapena siwichi yafa. Ikapitiriza kuyaka, vuto lili kwina, kapena waya wasupuka n'kukhudza chitsulo. Yesaninso mbali inayo, chifukwa nyali yosayaka konse ndi yachinyengo kuposa yoyaka nthawi zonse: kiyi ili yoyatsa ndipo handibuleki ili pansi, pa siwichi ya waya mmodzi khudzitsani wayawo ku chitsulo choyera cha thupi la galimoto, ndipo nyali iyenera kuyaka. Ikapanda kuyaka, onani babu, fyuzi ndi waya womwewo.

Pomaliza tsukaninso malo onse ndi madzi, paume, muwaze ufa kachiwiri, ndipo mubwereze kuponda kwa mphindi imodzi injini ikulira. Pedulo ikhale yolimba ndi yosamira. Yesani galimoto yopanda katundu pamalo opanda anthu, poyamba pa liwiro la munthu woyenda pansi, kenako cha pa makilomita 30 pa ola, muone ngati ikuima mowongoka osakokera mbali. Lembani kamzere ndi cholembera pa kabotolo pamene mafuta alekezera. M'mawa mwake onani kamzereko ndi ufa uja, ndipo pakatha sabata masulani siwichi kamodzinso n'kusuzumira m'kabowo ndi tochi, chifukwa kamphete kamene kanatsinidwa polowetsa kamayamba kunyowetsa chiuno cha kapisitoni masiku angapo kadontho kasanaonekere kunja. Mukapeza mouma, bwezerani siwichi ndi waya wake, ndipo mabelo akhoza kukwezedwa.